Nkhumba Ili Patsinde pa Mkuyu

Olemekezeka a Tcheyamani a Chipani m'dera lino, olemekezeka oimira a DC, Gogo Chalo ndi nduna zanu, abusa, amayi amene mwatilandira ndi nyimbo, alimi ndi asodzi a kuno ku Kachulu: ine Fanuelo Namakhwa, dokotala wa ziweto, ndikuthokoza pondiitana kudzatsegula nyumba yowumitsira ndere. Makoma mwaumba nokha, udzu mwamweta nokha, ndipo pamenepo ndikuvulirani chipewa.

Koma mundilole ndilankhule ngati mwana wa pakhomo, pakuti mtima wanga sunakhale pansi.

Chaka chija nyanja inaphwa, mu 1968, ndinali nditangoyamba ntchito. Ndinayenda wapansi kuchoka pano kukafika kwathu ku Chisi, ndipo panjira ndinaona nkhumba zikufukula ndere zouma, zomwe zija bambo anga ankazitukwana akamazichotsa mu ukonde. Funso linandigwira tsiku lomwelo: kodi ndere zikalowa m'thupi mwa nkhumba zimachita chiyani ndi mafuta a m'magazi? Mukudziwa nonse kuti ogula ku Zomba amanyoza nyama yathu, ati ndi mafuta okhaokha. Yankho sindikulidziwa mpaka lero, n'chifukwa chake tikuyesa.

Kuyesako n'kosavuta, abale anga. Nkhumba zina zidye madeya osakaniza ndi ndere, zina madeya okha. Ikatha miyezi isanu ndi umodzi titenge magazi, tifananize. Basi!

Ulendo woyamba, a Grain anamvera chisoni nkhumba za madeya okha, nkumazipatsira ndere kuseri, ati kumana mnzako ndi tchimo. A Grain, musabisale kumbuyoko, ndakuonani! Chifundo chinapha nkhwali. Ulendo wachiwiri kunagwa ukwati kwa a Wilisoni, ndipo nkhumba zitatu za m'kaundula wanga zinathera m'mbale. Mukuseka? Ine ku likulu sanandisekerere. Anandiuza kuti ulendo wachitatu ukalephera, ntchitoyi aisamutsira kwina, ndipo nyumba yokongolayi idzasanduka mogona mbuzi.

Mwa alimi khumi ndi awiri a ulendo wachitatu uno, amene wasunga lamulo ndi mmodzi: Mayi Esinati, amasiye aja akhala kumapeto kwa benchi. Miyezi isanu ndi umodzi akhala akuvuula ndere, madzi ofika m'chiuno, misundu ikuwaluma. Nkhumba zawo ziwiri anazitsekera m'makola osiyana, osasakaniza chakudya ngakhale tsiku limodzi. Magazi tikutenga Lachisanu likubwerali. Atsala masiku anayi okha.

Tsopano tamverani kulira kuja. Ndikutsika galimoto, a Jafeti, mlembi wa komiti, anandinong'oneza kuti, "Bwana, takukonzerani kamphatso, kali pamkuyu apo, kakakhale kandiwo kunyumba." Ndinapita kukaona. Kukhutu kuli chizindikiro chimene ndinaboola ndi dzanja langali! Ndi nkhumba ya ndere ya Mayi Esinati. Mwaisankha chifukwa ndi yosalala kuposa zonse m'mudzi, ndipo mayiwa sakanatha kukaniza komiti pamaso pa akuluakulu. Mwaona maso awo kufiira? Kalanga ine, anthu akwathu, mundipha ndi ulemu!

Mphatso sakana, mwambo ndikuudziwa. Ndailandira ndi manja awiri, zikomo. Kuyambira pano nkhumba ija ndi yanga. A Jafeti, imasuleni miyendo, ndipo muinyamule nokha kubwerera nayo kukhola kumene munaitenga. Mayi Esinati, ndikupemphani mundisungire chiweto changa, muzichidyetsa monga mwa masiku onse. Wofuna kuchikhudza, kaya ndi ukwati kaya ndi chisoni, ayambe wabwera ku Zomba kudzapempha kwa mwini wake. Lachisanu tikatenga magazi, mayi, nkhumbayo ndi yanunso.

Ndi mawu amenewa, a Tcheyamani, Gogo Chalo ndi nonse, ndikulengeza kuti nyumba yowumitsira ndere ya ku Kachulu yatsegulidwa. A Jafeti, ndikudikira, sindikhala pansi mpaka chingwe chimasuke.

Zikomo kwambiri.