Kachitini ka Mabatani Kamene Kankalondera Maseva

Anamalira nonse, ndisanayambe ndikuphereni ndagi: n'chiyani chopanda pakamwa koma chosanama? Sungani kaye, yankho lili patebulopo, pambali pa bokosi.

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1974, ine azakhali awo nditaima pakhomo ndi beseni. Sukulu anayamba mu 1980. Ine yanga ndinalekeza nditangodziwa kugwira pensulo, koma iwo anakafika ku koleji, ataphwasula wailesi zitatu za achimwene, osabwezeretsa ndi imodzi yomwe.

Mu 1999 anamanga banja ndi mayi akhala apowa. Mu 2003 analembedwa ntchito yosamalira maseva, zimakompyuta zikuluzikulu zokhala m'chipinda chozizira ngati kumene tinakawatenga dzulo kuja. Zimakinazo zikalemedwa ntchito zinkangokomoka osatsanzika, ofesi yonse n'kuima, wokalipiridwa n'kukhala malemuwa.

Mu 2010 anandibera kachitini kanga ka mabatani. Anakaboola, n'kuikamo kamuvi kosonyeza liwiro ka pa njinga yamoto yakufa, ndi nthambo yopita ku maseva. Ntchito ikachepa, kamuvi kankagona. Ikachuluka, kankadzuka kuloza pofiira, anthu n'kuthamanga zinthu zisanaipe. Chaka chotsatira mphoto ya nzeru zimenezi analandira ndi abwana awo, a tayi wonyezimira ali kutsogolowa. Malemu anaomba nawo m'manja.

Anayamba kudwala impso mu Januwale, ndipo anatisiya pa 4 Juni chaka chino. Kuchipatala anandipempha chimodzi chokha: ana awo adzadziwe kuti bambo wawo anapangapo kanthu pansi pano.

Asiya mkazi, ana atatu, zidzukulu ziwiri, ndi ine wosowa posungira mabatani. Tikuthokoza anamwino, anansi amene sanatisiye tokha, ndi anzawo akuntchito potithandiza galimoto.

Tithokozenso abwana. Dzulo anabwera nako kachitinika, n'kumauza aliyense kuti anakapanga ndi manja awo, zitsulo zake anachita kuitanitsa kunja, ndipo kamuvi kagona phee chonchi chifukwa ofesi akuiyendetsa bwino. Bwana, ngakhale ine mbuli ndimadziwa kuti simbi yamagetsi yozulidwa pakhoma siitentha. Nthambo munaisiya kuofesi, n'chifukwa chake foni yanu yakhala ikulira kuposa ife ofedwa. Tsono katembenuzeni kachitiniko, muwawerengere anthu dzina lolembedwa ndi msomali kunsiko. Dzinalo ndi langa, zilembo zopindikazo ndi zanganso. Kaya kunjako kuli winanso wotchedwa choncho, mutiuze.

Ana inu, mwamva, ndipo ntchito imene anandituma bambo wanu ndaigwira. Inu amene mukubisa phwete m'mipango, tulutsani, abwana sakwiya pamaliro.

Mzimu wa malemu uuse mumtendere. Katundu watulidwa, kamuvi kawo kagone.