Batani la Adokotala

Telala wina, munthu woti akanena kuti nsalu ndi yofiira imakhala yofiira ngakhale mutaitana mboni, analowa m'chipinda cha adokotala othandiza anthu ovutika ndi mowa, tepi yoyezera ili m'khosi, akukhulupirira kuti wangoperekeza mng'ono wake. Mng'ono wakeyo, amene anasiya mowa chaka chatha pachipatala chomwechi, anatsala pabenchi panja atakumbatira chikwama cha zovala za mkulu wake, ndipo adokotala, munthu womva mawu monga momwe anenedwera, anali atauzidwa kuti telalayo akubwera kudzafuna thandizo.

"Khalani pansi, bambo. Ndamva kuti mukufuna thandizo."

"Kwambiri, adokotala. Ndatopa."

"Mwachita bwino kubwera. Vutoli linayamba liti?"

"Tsiku lomwe munamutulutsa muno."

Adokotala anakweza maso. "Tinatulutsa ndani?"

"Mng'ono wanga. Munamuchiritsa mopyola muyezo."

"Kuno sitichiritsa mopyola muyezo."

"Ndiye mwayambira pa iyeyu. Ife tinakupatsani munthu kuti mumuchepetseko pang'ono, ngati mmene timapindira thalauza. Inu mwadula mpaka m'mawondo."

"Akudwala chiyani?"

"Aaa, zambiri. Amadzuka m'mamawa. Amabwera kushopu kwanga osaitanidwa, n'kumanunkhiza kapu yanga ya tiyi. Ine mkulu wake! Koma nanga nditani, mutu ukakula sulewa nkhonya."

"Munamenyedwa m'mutu? Liti?"

"Ndi mwambi, adokotala."

"Chabwino. Chifukwa mukanakhala kuti munamenyedwa, tikanayamba ndi kujambula."

Telala anapukuta thukuta ndi nsonga ya tepi. Maso ake anaima pachifuwa cha adokotala, pomwe batani limodzi la malaya awo oyera linali lendelende pa kaulusi kamodzi.

"Batani lanulo likugwa."

"Ndikudziwa. Pitirizani."

"Dzana anatsegula kabati ya makina anga, n'kupezamo kabotolo, n'kukathira m'ngalande. Tandiuzeni, munthu wabwinobwino angathire zinthu m'ngalande?"

"Kanali kabotolo ka chiyani?"

"Ka mafuta a makina."

"Ndiye anataya mafuta."

"Anataya mowa."

"Mwati kanali ka mafuta."

"Botolo ndi la mafuta. Zam'kati ndi nkhani ina. Koma chachikulu si chimenecho ayi. Wasokoneza mwana wanga wamkazi. Mwanayo akukwatiwa, ndipo nsalu ya diresi la ukwati inali kwa ine. Sabata yatha anabwera n'kuitenga. Akuti akaisunge kwa azakhali ake poti kushopu kwanga kuli fumbi."

"Kuli fumbi?"

"Kulibe! Ndimasesa ndekha. Ndamva kuti akufunsafunsa za telala wina, kamnyamata koti kakasoka kolala imayang'ana kumwamba. Mwana amene ndinamusokera yunifolomu yake yoyamba! Zonsezi chifukwa cha thumba limodzi lokha lomwe ndinasokera kumbuyo kwa malaya a munthu."

"Mwini malayawo anadandaula?"

"Anthu sakonda zatsopano."

Adokotala anagwedeza mutu ngati avomereza. "Inuyo mumamwa nthawi yanji?"

"Ine? Ine sindimwa, adokotala. Ndimangowongola dzanja."

"Ndi lopindika?"

"Limanjenjemera m'mawa. Makina anga ndi akale, opalasa ndi phazi, ndiye amagwedeza thupi lonse. Kukacha dzanja limakhala likukumbukirabe makina. Ndikalawa pang'ono limaiwala."

"Lamulungu mumasoka?"

"Ayi, ndine munthu wopemphera."

"Lolemba m'mawa limanjenjemera?"

"Lolemba ndiye kwambiri. Limakhala lasowa makina."

"Lero mwawongola?"

"Ndiwongola ndi chiyani? Wodwala wanuyo anandilawirira kunyumba, kundilondalonda mpaka pakhomo la bafa. Akuti, 'Achimwene, tandiperekezani kuchipatala.' Ndinati zikomo Mulungu, wazindikira yekha."

"Tambasulani manja."

"Mukufuna kuona mmene iye amachitira?"

"Ndikufuna kuona mmene inu mukuchitira."

Telala anatambasula manja. Zala zinayamba kuvina zokha, ndipo anazibweza msanga n'kuzikhalira.

"Mpando wanuwu ndi wogwedera."

"Ndi wachitsulo, ndipo anaukhomera pansi. Bambo, ndikuuzeni mosabisa. Wodwala ndi inu."

"Ha! Wakuuzani ndi iyeyo eti? Mwaonatu. Matenda omwe ndikunenawo ndi amenewo. Aliyense amene wamuona ndi kapu m'manja, kwa iye ndi chidakwa."

"Ine sindinanene kuti chidakwa. Ndanena kuti wodwala. Thupi lanu linazolowera mowa moti likausowa limadwala. Kunjenjemerako, thukutalo, mseru wa m'mawa..."

"Za mseru wakuuzani ndani?"

"Palibe. Mwandiuza inu panopa."

"Ndangofunsa!"

"Ndipo musayese kusiya nokha mwadzidzidzi kunyumba. Thupi lofika pamenepa likhoza kugwidwa ngati ndi khunyu, ena amaona zinthu zomwe palibe. N'chifukwa chake timagoneka munthu masiku angapo. Timamupatsa mapiritsi okhazika thupi pansi, n'kumawachepetsa tsiku ndi tsiku. Timabaya jekeseni wa mavitamini woteteza ubongo. Timayeza magazi kuti tione chiwindi."

"Zabwino kwambiri. Zonsezo mumupatse."

"Iye analandira kale chaka chatha."

"Mubwerezenso, mwina zibwezeretsa munthu wathu."

"Kenako pali gulu. Anthu amakhala mozungulira, n'kumakambirana mmene akulimbanirana ndi chibaba."

"Eya, gulu limenelo ndi lomwe linamuwononga! Amabwera kunyumba n'kundifunsa kuti, 'Achimwene, mukumva bwanji mumtima?' Mumtima! Kwathu sitifunsana za mumtima. Timafunsana ngati munthu wadya."

"Mwadya?"

"Ayi."

"Dzulo?"

"Adokotala, batani lanulo likundipweteka m'maso."

"Ndikudziwa. Bedi lilipo, bambo, koma sindingakugonekeni musanavomere."

"Ndavomera. Mugonekeni."

"Inuyo."

"Ine ndigona bwanji, zovala sindinatenge?"

"Zili m'chikwama chomwe mng'ono wanu wanyamula. Akuti alongedza ndi akazi anu."

Telala anaseka kuseka kosaonetsa mano.

"Ndiye kuti matendawa ndi opatsirana. Alowa m'nyumba mwanga."

"Sapatsirana."

"Basi, ndamva. Ndinabwera kudzadandaula kwa eni ntchito, koma ndaona kuti nonse ndinu amodzi. Tsalani bwino."

Anaimirira, n'kufika pachitseko, n'kugwira chogwirira. Pamenepo anaima. Munthu akhoza kukana m'bale wake, mkazi wake ndi dokotala, koma telala wa zaka zambiri sangatuluke m'chipinda n'kusiya batani likulendewera. Anabwerera.

"Vulani malayawo."

"Ndili pantchito."

"Inenso ndili pantchito. Vulani. Anthu akamakuonani chonchi aziti mumzinda muno mulibe atelala."

Adokotala anavula malaya aja n'kuwayala patebulo. Telala anasolola singano kuseri kwa kolala yake, n'kutulutsa kaulusi koyera m'thumba. Anakanyowetsa ndi milomo, n'kukweza singano kuzenera.

Ulusi unadutsa kumanzere.

"Kuwala kwanu n'kochepa."

Adokotala anayatsa getsi. Ulusi unadutsa kumanja.

"Singano za masiku ano mabowo ake ndi ang'ono."

"Ndi yatsopano?"

"Anandisiyira ndi bambo anga."

"Ndikulowetsereni?"

"Musandinyoze!"

Anatsamiritsa zigongono patebulo. Anagwira dzanja lamanja ndi lamanzere, koma lamanzerelo nalonso linali ndi zake. Ananyowetsanso ulusi mpaka unalefuka. Thukuta linadontha pamalaya a adokotala. Potsiriza singano inapulumuka, n'kugwa pansi, n'kugubuduzikira kunsi kwa tebulo, ndipo panalibe amene anawerama kuti aitole. Telala anayang'ana zala zake ndipo anachita mantha, mantha enieni, poti zinali zala zomwe zinalera banja lonse.

"Diresi lija," anatero motsitsa mawu, "mwanayo akufuna la mabatani kumsana. Kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Ting'onoting'ono."

"Ukwati uli liti?"

"Kwatsala miyezi."

"Nsalu yadulidwa?"

"Sinadulidwe. Azakhali ake akuti ikadali m'pepala."

"Ndiye nthawi ilipo."

Telala anafwenthera, n'kukokera malaya aja kwa iye.

"Mvetsetsani, adokotala. Ine chiyambire sindinasiyepo ntchito ya kasitomala ili pakati. Batani ili ndilisoka."

"Lero simutha. Mawa dzanja linjenjemera kuposa lero. Likadutsa pamenepo liyamba kukumverani."

"Ndiye ndigona pompano mpaka limve. Koma osati ngati wodwala. Ngati telala."

"Bedi ndi lomwelo. Mapiritsi ndi omwewo. Mwavomera?"

"Ndavomera batani."

"Ndikufunsa za bedi, mapiritsi ndi jekeseni."

"Inunso ndiye simumva za m'mbali eti?"

"Sindimva."

Telala anapuma mozama, maso ali pazala.

"Zimenezonso ndavomera."

"Ndi gulu?"

"Ndikakhala nawo, koma ndikangoyang'ana mmene avalira. Wina akandifunsa za mumtima ndikamuyeza m'chiuno."

Adokotala anatsegula chitseko n'kukodola mng'ono uja. Iye analowa mwakachetechete, n'kuika chikwama pafupi ndi phazi la mkulu wake, maso ali ofiira.

"Taonani," anatero telala, osamuyang'ana. "Munthu wamkulu kumalira m'chipatala. Ndinakuuzani kuti sali bwino. Iwe, tola singano ya bambo pansipo. Ndipo ukauze mwana uja kuti nsaluyo asaipereke kwa munthu. Sindichedwa kuno. Ndi batani limodzi lokha ili. Dzanja likangokhazikika, ndilisoka n'kumabwera tsiku lomwelo."

"Dzanja limakhazikika msanga," anatero adokotala. "Chibaba chimachedwa. Mukachoka tsiku lomwelo, mubwerera ku kabotolo ka mafuta."

"Ntchito ikatha telala amapita, adokotala. Ndikhaliranji popanda chosoka?"

Adokotala, amene chiyambire ntchito anali asananenepo bodza ngakhale kwa mwana woopa jekeseni, anayang'ana malaya awo patebulo paja nthawi yaitali. Kenako anagwira batani lachiwiri, lolimba bwinobwino, n'kulipotokola mpaka linathothoka. Anatero ndi lachitatu, ndi lachinayi, n'kuwandandalika onse pamaso pa telala, nkhope ili gwa.

"Awanso agwa okha."