Ng'ombe za Malemu Bambo Jailosi Chapepa

Anamfedwa nonse, ndi inu amene mukuonera mwambo uno pa foni ku Nsanje, kodi malemu Bambo Jailosi Chapepa asiya ng'ombe zingati? Ambiri munena kuti palibe, popeza khola lawo kumudzi lamera udzu. Ine Lubasi, mnzawo wa kuntchito, ndapemphedwa kuwerenga mbiri yawo thupi lisananyamuke mawa kuchoka kuno ku Dubai.

Bambo Chapepa anabadwa mu 1974 pafupi ndi Bangula, m'boma la Nsanje. Ali Sitandade 6, Shire anasefukira ndi kukokolola ng'ombe zonse za atate awo tsiku limodzi, chifukwa zinali m'khola limodzi. Sukulu yawo inathera pomwepo, ndipo anayamba kuweta ng'ombe za anthu ena.

Mu 1998 anakwatira Mayi Dorothy. Bambo Chapepa anali Mkatolika wokhulupirika, ndipo kuno sankajomba Misa akapatsidwa tsiku lopuma.

Anafika ku Dubai mu 2014 ngati mlonda pa famu ya ngamila kuchipululu. Posakhalitsa anayamba kuchonderera mwini famuyo kuti agawe ngamila m'magulu atatu, lililonse ndi pomwera pake. Anzathu ankawaseka kuti akungochulukitsa ntchito padzuwa lotere. Chifuwa chitagwa pa famupo, chinathera m'gulu limodzi. Kuyambira pamenepo anachoka pachipata, nakhala woyang'anira ziweto.

Kumudzi anachita chimodzimodzi. Ng'ombe iliyonse imene anagula ankaiikiza kwa munthu wina, zina kumapiri, zina kudera lina, kuti madzi kapena matenda asazipeze pamodzi. Wosungayo ankapindula mkaka ndi manyowa. Namondwe wa mu 2023 anawaphera ziwiri zokha. Koma mwa mwambo wa kwawo, pangano lotere sililembedwa. Zonse zinali m'mutu mwawo, ndipo ngakhale Mayi Dorothy sankadziwa chiwerengero chenicheni.

Anayamba kudwala impso chaka chatha, ndipo anatisiya Lachiwiri lapitali. Masiku awiri asanamwalire anandiitana kuchipatala. Anati amawakhulupirira anthu amene anawaikiza ng'ombe, koma mwini akafa mtima wa munthu umatha kusintha, ndipo mayi wamasiye sangathe kulondola chimene sakuchidziwa. Anandipempha kuti ndidzatchule zonse pamaliro, pamaso pa anthu, osungawo akumva.

Asiya mkazi wawo Mayi Dorothy, ana aamuna awiri, ana aakazi atatu, mdzukulu mmodzi ndi mchemwali wawo mmodzi. Mulungu awapumitse mu mtendere.

Tsono Mayi Dorothy, mverani, ndipo nonse muli pamenepo mukhale mboni. Kwa Bambo Rodgers ku Chididi kuli ng'ombe khumi ndi imodzi. Kwa Bambo Foster ku Ngabu kuli zisanu ndi zitatu. Kwa Mayi Masiye ku Thekerani kuli zinayi. Bambo Chapepa asiya ng'ombe makumi awiri ndi zitatu.