Chikande cha M'chipinda cha Magetsi

Ine, Zuhura Idrisa, wa zaka 44, wokhala pa Zalewa kudera la Neno m'boma la Mwanza, wogulitsa m'golosale, ndikupereka umboni uwu lero Lachinayi pa 14 November 1996, pa nkhani ya Stelia Gilbert amene mwamutsekera pa mlandu woba maluwa a malume ake, a Malizani. Ndabwera ndekha, palibe wandituma.

A Malizani amachita lendi nyumba yanga ya kuseri kwa golosale. Anafika chaka cha 1994 masankho atangotha, kuchokera ku Zimbabwe kumene anakalambira akugwira ntchito m'munda wa maluwa. Katundu wawo anali sutikesi imodzi ndi katoni yobowolabowola, imene sankalola kondakitala kuikhudza.

Atangolowa anapempha kuti atseke mawindo a chipinda chimodzi ndi masaka, afolerenso udzu pamwamba pa malata. Kenako anamangirira machubu a magetsi, oyera aatali aja, m'mizeremizere. Ankayatsa m'mawa n'kuzimitsa madzulo, mosemphana ndi anthu tonse. Anthu a pa Zalewa pakamwa pawo mukupadziwa. Ena ankati akulima chamba, ena ankati akuweta ndondocha. Nyumba ndi yanga, ndiye tsiku lina masana ndinakagogoda nditakwiya kale, ndikufuna kuwasamutsa.

Mwati ndinene zokhazo ndinaona, bwana. Chabwino, lembani. Kunja dzuwa linkaswa mtengo, koma m'chipindamo munali mozizira ngati mumtsuko. Masaka aja anali onyowa, pansi pali mabeseni a madzi. Maluwa ena anamera pa makungwa opanda dothi n'komwe, mizu ili lendelende m'malere. Ena anali m'zitini za makala oswa, makala omwewa timagulitsa pamsewuwa. Duwa lina linali loyera mbee, lina la mawanga ngati nkhanga, lina kakang'ono koma kafungo kake kodzaza chipinda chonse. Ndinati Mashaallah, ndipo chimene ndinadzera ndinachiiwala. Sindinaonepo chinthu chokongola chotero, ndipo zimenezo muzilembenso.

Anandiuza kuti maluwawo dzina lake ndi okidi. Anati dzuwa la pa Zalewa limawawotcha, mumdimanso sakula, ndiye iwo amawapatsa kuwala kochita kuyeza. Chubu chilichonse chinali pa chingwe chokweza ndi kutsitsa. Ankaika kuseri kwa dzanja pa tsamba, likamveka lofunda ankakweza chubu pang'ono. Madzi ankathirira a mvula okha, ndi mpope wopopera udzudzu umene anautsuka bwinobwino. Magetsi akathima ankachotsa saka limodzi pawindo, iwo n'kukhala pomwepo kulondera dzuwa kuti lisapitirire. Munthu wodekha chotero, amuna anga malemu akanamuona akanachita manyazi.

Pa shelefu ya pansi panali zitini zodzaza dothi. Amenewo anali maluwa a kuphiri la kwawo, kumtunda kwa Ligowe. Anandiuza kuti atabwerera anapeza phiri lija litapsa ndi kukumbidwa, maluwa amene ankawaona ali mwana atatsala owerengeka. Anatengako ochepa kuti awachulukitse, adzawabwezere kuphiriko. Chilimwe masamba ake amauma, chitini chimaoneka ngati mulibe kanthu, koma m'dothimo mumakhala timbatata togona. Pa maluwa onse, zitini zimenezo ndiye zinali pamtima pawo.

Mwezi wa September chaka chino a Malizani anadwala malungo n'kusiya kudya. Stelia, mwana wa mlongo wawo, anabwera kuchokera ku Ligowe kudzawadwazika. Phala anakana. Nkhuku anakana. Ine ndinaphika mpunga wanga umene anthu sautaya, ananunkhiza n'kutembenukira kukhoma. Munthu anatha, bwana, anatsala maso okha. Tsiku lina ine ndili pomwepo ananena chapansipansi kuti chimene akulakalaka ndi chikande, chonga chimene ankaphika mayi awo. Stelia anazungulira msika wonse osachipeza. Madzulo ake a Malizani anamupatsa kiyi wa chipinda chija, n'kumuuza kuti aziyatsa, azizimitsa, azipopera maluwa a pamwamba, koma zitini za pansi asathire madzi. Zoti asazikhudze sananene, ndinalipo ndipo ndinamva.

Mawa lake chakumasana ndinamva mtondo kuseri. Ndinapeza Stelia akusinja timbatata totsukidwa kale.

Ndinati, "Iwe Stelia, wazipeza kuti zimenezi?"

Anayankha akusekerera kuti, "M'chipinda muja, amayi. Amalume anadzala chikande chambiri, masamba auma kale, chakhwima."

Chikande ndachidya kuyambira ndili mwana, koma sindinkadziwa kuti mbatata zake n'za maluwa omwewa. Stelia ndi wa kumapiri, anangoona mapesi ouma aja n'kuzindikira. Nditamufotokozera za phiri lija anaponya munsi pansi n'kugwira kumutu. Anati, "Mayo ine! Ndimayesa ndi dimba. Nanga munthu n'kudzala chikande osati chodya?" Ananenanso akulira kuti wangotenga zikuluzikulu, ting'onoting'ono wakwirira monga amachitira kwawo akamakumba. Mawu amenewo sindinawasamale, mutu wanga unali kwina.

Zosinjidwa sizibwerera m'chitini. Ndinakatenga nsinjiro ndi soda m'golosale mwanga, Stelia anaphika mpaka chinagwirana, chitazizira anachidula. A Malizani atamva fungo anadzuka okha n'kutsamira khoma. Anadya mbale yonse, anapempha ina. Chimenecho chinali chakudya chawo choyamba chenicheni chidwalireni. Sanafunse kumene chachokera, ndipo ife awiri tinapangana kuti tidzawauza akadzalimba.

Kenako chifuwa chinawagwira, tinawatengera kuchipatala, kumene anagonako October yense. Stelia ndiye anali nawo, akugona pansi pa simenti. Magetsi ndinkayatsa ndi kuzimitsa ndine. A Malizani atayamba kupeza bwino, Stelia anabwerera ku Ligowe kukagalauza munda mvula isanagwe.

A Malizani anatulutsidwa m'chipatala sabata yatha ine ndili ku Balaka ku maliro a alamu anga. Zimene zinachitika ine kulibe ndangouzidwa ndi iwo eni. Akuti anapeza mapesi atazulidwa, anapisa chala m'chitini chimodzi n'kupeza mbatata mulibe, basi anabwera kuno kudzadandaula. Wina anakuuzani kuti anaona Stelia akutuluka m'chipindamo ndi beseni. Wonenayo sananame, koma akanayamba wandifunsa ine asanathamange ndi pakamwa pakepo. Dzulo mwakamutenga mwanayo ku munda, khasu lili m'manja.

Ine ndafika dzulo madzulo. Lero m'mawa ndawapeza a Malizani atakhala pakhonde, tiyi atazizira m'kapu. Anati, "Mayi Zuhura, mwana wa mlongo wanga kundigulitsira maluwa kwa amalonda, ine ndili gone?" Ananenanso kuti sadzapondanso ku Ligowe.

Ndinati, "Bambo Malizani, sanagulitse. Munadya ndinu."

Anati, "Mbale ija?"

Ndinati, "Yomweyo. Munapemphanso ina."

Anayamba kuseka mpaka kutsokomola, kusekako kunasanduka kulira. Ine chisoni chinandigwira, ndinayang'ana kumbali. Apo m'pamene ndinakumbukira mawu a Stelia a ting'onoting'ono aja, ndipo ndinawauza. Anati kuyambira tsiku lija sanayang'anenso shelefu ya pansi, amangoyatsa n'kutuluka chifukwa mtima umawawa. Tinalowa tonse. Anagwada, anatsitsa chubu, n'kuyamba kukoka zitini chimodzichimodzi. M'zitini zambiri munali timitu tobiriwira titaboola dothi, tosongoka ngati chimanga chongomera. Zina zinali zopanda kanthu, sindikubisani. Kenako anandipempha kuti ndiwatengere nsapato.

Kuchokera kunyumba kufika pano si patali, koma tayenda mopumira chifukwa sanalimbe. Ali panjapo pa benchi, chitini chimodzi chili pamiyendo, achiphimba ndi chipewa chawo kuopa dzuwa. Akuti masitepe anuwo akwera akapuma. Andituma kuti ndinene izi, ndipo ndikunena momwe anenera: "Uwauze abwana amutulutse mwanayo. Wakuba ndamupeza. Katundu yense anathera m'mimba mwake, ndipo n'chifukwa chake lero ali moyo. Ngati akufuna woti am'mange, ndili pa benchi pano."

Zimene ndikudziwa ine zathera pamenepa. Mwandiwerengera, ndamva, ndipo ndi mawu anga.

Wopereka umboni: Zuhura Idrisa ....................