Makina a Malemu Akazi Anga Sanali Njinga Yamoto

Olemekezeka akuluakulu a zamaphunziro, olemekezeka mayi woyang'anira nyumba ino yosungiramo zinthu zakale, aphunzitsi nonse, makolo, ana asukulu amene mwakhala kutsogoloku, ndi inu bambo wa makompyuta amene mwabisala kuseri kwa chitseko, ndakupatsani moni nonse.

Ine si munthu wa mawu ambiri. Kunyumba kwathu wolankhula anali malemu akazi anga. Yanga inali ntchito yovomera. Mwandiitana chifukwa makina osokera amene ali m'chipinda chophunziriramo tikutsegulachi anali awo. Anawapalasa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo nditawapereka kuno chaka chatha, pabalaza panga panakula kwambiri.

Sabata yatha ndinabwera kudzawaona. Ndinapeza kalasi yonse itafulatira makinawo, mitu ili m'matabuleti, ana akuyang'ana chithunzi cha chinthu chimene chili kumbuyo kwawo. Kenaka matabuletiwo anabangula onse pamodzi: vuuu!

"Chimenecho n'chiyani?" ndinafunsa bambo wa makompyuta.

"Ndi kulira kwa makina osokera, bambo. Ndakutenga pa intaneti."

"Achimwene, akazi anga ankasoka madiresi, sankayendetsa njinga yamoto."

Mtima unandiwawa. Ndinapempha kiyi wa bokosi lagalasi limene anatsekeramo makinawo kuti ndisenze katundu wanga ndizipita. Mayi woyang'anira anagwira kumutu: "Chonde bambo, makalata oitanira anthu tatumiza kale!" Koma anatsegula. Mtsikana wina anazungulira makinawo kawiri, n'kufunsa: "Agogo, nanga amatchajira pati?"

"Tchaja yake ndi miyendo," ndinatero.

"Aaa, agogo, bodza!"

Ndiye ndinakhala pampando kuti ndiwaonetse, ine amene sindinasokepo ngakhale batani. Ndinapalasa, makina anayankha ndi mawu awo enieni, ndipo ndikanagwetsa misozi pomwepo chikhala kuti tayi wanga sanalowe pansi pa singano. Musaseke, olemekezeka. Ndinasokedwa ndithu, chibwano chili pathebulo.

Aphunzitsi a anawo sanathamangire sizasi. Anati, "Musasunthe, bambo, mwakhala bwino pomwepo. Ana inu, tsegulani kachitseko ka pansi pa singano. Mmodzi azizunguza gudumu ndi dzanja, wina ajambule kanema ndi tabuleti." Tayi anapitirira kulowa.

Atandimasula, tinaonera kanemayo akuyenda pang'onopang'ono. Tinaona kachitsulo ka pansi kakukola ulusi wa singano n'kuumanga ndi unzake. Zaka zonsezo ndinkangomva phokoso ndili kuchipinda china. Mfundo imene inaveka ndi kuphunzitsa ana athu ndinaiona tsiku limenelo.

Aphunzitsi, maphunziro anga sanapite patali, koma ichi ndachigwira: chipangizo chikaonetsa mwana chimene diso lake silingathe kuona, chagwira ntchito yake, chikamutseka maso kuti asaone chimene chili pamphuno pake, chibwezeni m'katoni.

Choncho makina akhala konkuno. Ndapempha kuti galasi lizitsegulidwa kalasi ikabwera, ndi kuti mwana aliyense aziyamba wapalasa asanagwire tabuleti. Za mafuta musavutike, ndizibwera kudzathira ndekha Loweruka lililonse. Nthawi ndili nayo, ndipo kunyumba kulibe wondifunsa kuti ndachedwa kuti.

Ndi mawu ochepawa, ndikulengeza kuti chipinda chino chatsegulidwa. Lowani, ana.

Zikomo kwambiri.