Kuzonda Matenda Kunachotsetsa Mwana Pachipatala

Aulutsi, ine ndimakhala ku Tyrrelstown mumzinda wa Dublin, ndipo ndimayendetsa basi. Chaka chatha ndinalandira mwana wamkazi wa mchemwali wanga. Podikira kuyamba maphunziro a udokotala, anapeza mwayi wophunzira ntchito kwa miyezi itatu pachipatala china kuno.

Tsiku lina atafika kunyumba anati, "Amalume, bambo aja amatsogolera kwaya kutchalitchi agonekedwa kuwodi kwathu. Alibe ndi wowadikirira yemwe."

Kwathu wodwala sasiyidwa yekha. Ndinalemba uthenga pagulu lathu la pafoni la Amalawi, ndipo Lamlungu tinapita anthu asanu ndi atatu, amayi atanyamula phala m'mafulasiki.

Bambowo atationa anatembenukira kukhoma. "Wakuuzani ndani?"

Za matendawo anali asanauze ngakhale akazi awo kumudzi, koma uthenga wanga unali utafika kale kumeneko.

Lolemba mwanayo anaitanidwa ku ofesi. Anamuuza kuti za wodwala sizituluka m'chipatala, ngakhale dzina lokha. Ndinapita kukapepesa, n'kunena kuti wolakwa ndine. Mkulu wa manesi anandimvetsera mwaulemu, kenako anati amene anasaina pepala losunga chinsinsi si ine. Anamuchotsa kutatsala masabata awiri, osamupatsa kalata yaumboni imene anadzera kuno.

Mwanayo anabwerera kumudzi, ndipo sanandinenere kwa mayi ake. Mpaka lero mchemwali wanga akaimba foni amandithokoza kuti ndinamusungira bwino mwana. Ine ndimangoti, "Zikomo, achemwali," kenako ndimafunsa za mvula.