Munditsokomolere Kamodzi Kokha

Miriam, wophika m'nyumba ina ku Al Qusais, kudziko la Aluya, atapezeka ndi korona anatsekeredwa m'chipinda, ntchito yonse n'kugwera Flora, mlezi wa ana. Masabata anadutsa, msana wa Flora n'kumalira ngati bedi lakale, pamene wodwalayo ankangonenepa n'kumaphunzitsa Chingerezi kuseri kwa chitseko.

"Achemwali, biriyani yanu ya quarantine iyi," anatero Flora akuika mbale pansi.

"Iwe! Ndikuuze kangati? Ine ndili mu isolation. Wa quarantine ndiwe."

"Si kutsekeredwa konseko?"

"Ayi! Isolation ndi ya wodwala. Quarantine ndi ya amene anayandikira wodwala. Bwereza."

Flora anakhala pansi, mopu ili pamiyendo. "Ndiye wa isolation amatani?"

"Amagona. Amadya. Amapemphera."

"Nanga wa quarantine?"

"Sapita kunja."

"Koma amakolopa?"

"Mawuwo saletsa kukolopa."

"Amaphika? Amasita malaya a bwana? Amathamangitsana ndi mapasa?"

"Aaa, ukuchoka pa phunziro. Bwereza: ai-so..."

"Ndamva, aphunzitsi. Ndasankha isolation."

"Sasankha, Flora! Si chitenje."

"Mwati ndi ya wodwala. Tsegulani, munditsokomolere kamodzi kokha."

Kuseri kunamveka mpando ukukokeredwa kuchitseko. "Wapenga? Ukufuna kufa?"

"Inu simunafe. Mawu anu afika ponenepa."

"Ndi matendawa! Amatupitsa!"

"Anditupitse nanenso. Ndatopa, achemwali, ndatopa zenizeni." Anagwedeza chogwirira. "Mukatsokomola ndikauza madamu aitane achipatala, atiyeze tonse awiri."

"Atiyeze? Tonse? Khalas, basi, usayerekeze!"

"Bwanji? Wodwala aopa kuyezedwa?"

"Kamtengo kaja kamapweteka m'mphuno!"

"Ndikugwirani dzanja. Madamu! Madaam!"

Chitseko chinatseguka msangamsanga. Miriam anamukokera mkati, masaya ali phuliphuli, mafuta a nkhuku ali pamlomo.

"Khala chete, mwana iwe! Chabwino. Uthenga unabwera kale pafoni. Ndinachira. Ndimafuna ndipumeko pang'ono, zaka zonsezi ndili pamoto."

Flora anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anayang'ananso bedi, pilo ndi mbale zotsukidwa ndi lilime.

"Ndiye simukudwala?"

"Ayi."

"Koma ine ndayandikira munthu wa isolation, ndalowa m'chipinda chake."

"Ee, koma..."

Flora anavula silipasi, n'kudziponya pabedi, n'kumulozera mopu ija.

"Yalla, tiyeni, aphunzitsi. Iyo pa Chingerezi ndi mop. Ilibe mnzake wosokoneza."